Bwalo lomwe maluwa ake ankafa Okutobala aliyense: nkhani ya pakhomo pena ku Area 25

Ndakhala ndikukonza mabwalo a maluwa m'makomo mwa anthu muno mu Lilongwe kwa zaka 9 tsopano, ndili ndi kanazale kanga kuseli kwa nyumba, ndipo pa ntchito zonse zomwe ndagwirapo iyi ndi imene ndimangoibwereza ndikakumana ndi anzanga a ntchito yomweyi. Ndailemba yonse, ndi pomwe ndinalakwitsa ine pomwe, chifukwa ambirife tikupunthwa pa chitsa chimodzimodzi. Mayina sinditchula. Eni nyumba ndingoti mayi, ndipo bambo amene amasamala pabwalopo ndingoti madala monga tonse tinkawaitanira.

Mayiwa anandiimbira foni kumapeto kwa Okutobala 2022, nambala yanga anaipeza kwa mnzawo wa kutchalitchi. Anapuma pa ntchito ya unamwino, ndalama za penshoni anamangira nyumba ku Area 25 nkulowamo mu 2019. Maluwa anayamba kuwakonda ali mtsikana pomwe ankagwira ntchito ku Zomba, ndiye m'mutu mwawo bwalo labwino linali lija la ku Zomba, ma hydrangea akuluakulu, rozi, kapinga wobiriwira chaka chonse. Mvula ikangoyamba ankapita kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu nkudzadza galimoto, rozi, hydrangea, agapanthus, lavender, petunia, zonse. Januwale mpaka Meyi bwalo limakoma ndithu, Ogasiti masamba ayamba kupsa m'mbali, pofika Okutobala zambiri zauma gwaa. Zinachitika katatu konse. Nditafika anandiuza kuti, "Mwana wanga, timathirira tsiku ndi tsiku, bilu ya madzi ikundiliza, koma taonani nokha. Kaya ndi chiswe, kaya madalawa sathirira ine ndikachokapo, ine sindikudziwanso."

Madala anali chapatali pang'ono atagwira tsache, anamva, sanayankhe kanthu.

Tsiku limenelo sindinalonjeze chilichonse, ndinangopempha kuti ndibwerenso mawa lake m'mawa ndidzaone mmene ntchito imagwiridwira ine ndisanakhudze kanthu. Ndimalimbikitsa aliyense kuti azichita zimenezi, chifukwa ukafika masana umangoona mtembo wa duwa, chomwe chalipha umachiona m'mawa. Madala anayamba ndi kusesa, ndipo amasesa bwino zedi, pansi pa maluwa ponse mbee opanda ndi tsamba limodzi lomwe, zinyalala zonse kuseli nkuyatsa moto. Kenako anatenga payipi, chala pakamwa pa payipi kuti madzi azimwazika, bwalo lonse anamaliza mu mphindi ngati 20. Pamwamba ponse panaoneka ponyowa. Ndinatenga kampeni nkukumba pambali pa rozi mmodzi mayi akuona, chinyezi chinathera pa masentimita 2 kapena 3 basi, pansi pake katondo wouma wolimba ngati njerwa. Ndiye madala ankathirira ndithu tsiku lililonse monga anauzidwira, koma madziwo sankafika ku mizu, pofika 10 koloko dzuwa la Okutobala lamwa onse. Ichi ndinachinena pomwepo pamaso pa onse awiri chifukwa munthu anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito pa mlandu woti si wake.

Kenako tinalowetsa piki. Pa masentimita 15 piki inayamba kulira ngwee, tikutulutsa zidutswa za njerwa, mabuma a simenti owuma, mapepala a matumba a simenti, mawaya, mpaka chidebe cha penti chophwanyika. Omanga aja atamaliza anangosalaza zinyalala zawo nkuwazapo dothi la lole imodzi pamwamba, zomwe zimachitika pafupifupi pa poloti iliyonse yatsopano muno m'tauni. Simenti imasintha dothi, imalichotsa kuwawasa kuja komwe hydrangea amafuna, nchifukwa chake masamba ake anali achikasu ngakhale nthawi ya dzinja. Tinazula marozi akufa 8, onse mizu inali idakali yozungulira mmene inakhalira mu chubu, sinatuluke kupita m'mbali, ndipo awiri anali ndi pulasitiki yakuda kunsi kwake, anangong'amba m'mbali nkukwirira. Chiswe chinalimo inde, koma chinali m'timitengo touma kale, marozi omwe anali adakali moyo analibe chiswe nkomwe. Nditafunsa za feteleza madala anabweretsa kathumba ka urea kotsala ku munda wa chimanga, anathira mu Seputembala poona kuti maluwa akufooka, pa dothi louma, pafupi ndi tsinde. Imeneyo inangomalizitsa.

Zinthu zina ziwiri ndinaziona poyendayenda. Mpanda wa njerwa wa kumadzulo, womwe ma hydrangea anaundana m'mbali mwake, pofika 3 koloko masana sungaugwire ndi dzanja, ndipo umapitiriza kutulutsa kutentha mpaka usiku. China ndi madzi a padenga. Denga lonse limathira mu kangalande ka simenti kozungulira nyumba, kangalandeko nkutulukira pansi pa geti kupita kumsewu. Ndinawawerengera mayi papepala, mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, denga lawo ndi masikweya mita pafupifupi 120, ndipo Lilongwe amalandira mamilimita 800 kapena kuposerapo pang'ono pa chaka chabwinobwino, ndiye ndi malita 96,000, migolo ya malita 200 yokwana 480, yonse kupita kumsewu mu miyezi isanu, kenako miyezi isanu ndi iwiri yotsalayo nkumagula madzi a pampopi. Anakhala chete kanthawi ndithu akuyang'ana pepalalo.

Ndinakumbanso maenje awiri akuya masentimita 40 nkudzadza madzi, lina kumtunda pafupi ndi khonde lina pakona ya kumunsi pafupi ndi geti. La kumtunda linauma pasanathe maola awiri. La kumunsi mawa lake m'mawa madzi anali adakalimo theka. Ndinalemba m'kabuku kanga, koma monga muone kutsogoloku, kulemba ndinalemba, kugwiritsa ntchito ayi.

Kukambirana pulani ndi komwe kunali kovuta kuposa kukumba. Ndinawauza kuti chaka chino asagule duwa ndi limodzi lomwe, ndalama ipite ku dothi ndi ku madzi, ndipo bwalo tiligawe potengera ludzu la mbewu osati potengera mtundu wa maluwa. Zaludzu zikhale zochepa, pafupi ndi mpopi ndi khonde la kum'mawa komwe dzuwa limawomba m'mawa wokha. Pakati tiike zija zimagona m'chilimwe nkudzuka ndi mvula. Kumpanda wotentha kuja tiike zoti sizidzafuna kheni nkomwe zikagwira. Ndipo zambiri mwa izi zikhale zakwathu konkuno, zomwe zinazolowera kale kuti mvula imasiya mu Epulo nkudzabweranso mu Novembala kapena Disembala.

Apa mayi anakana. "Zakutchire pakhomo panga? Ndiye anthu aziti chiyani, kuti ndalephera kugula maluwa?" Anawonjezanso za njoka. Sindinawatsutse, ndinangotulutsa foni nkuwaonetsa zithunzi zomwe ndinajambula mu Juni za ma aloe ali pa maluwa, ena ofiira ena a olenji, nthawi imene china chilichonse chimakhala chitachita mbuu ndi fumbi. Ndinawauzanso kuti Aloe cameronii, uja masamba ake amafiira ngati mkuwa akamenyedwa ndi dzuwa, dzina lakelo linachokera kwa Kenneth Cameron yemwe anamutola muno m'dziko mwathu nthawi ya Nyasaland nkumutumiza ku Kew, munda waukulu wa zomera ku England, ndipo lero kunja anthu amamugula ndi ndalama pomwe ife timamudutsa pamiyala. Iwo anakumbuka kuti ku Botanic Gardens ku Zomba ankawaona ma aloe koma sankawawerengera ngati maluwa. Anavomera monyinyirika, koma anati marozi awo asachoke. Ndinati sachoka, tisiya 6 koma asamalidwe mokwanira.

Kuphimbira ndiye inali nkhondo ina, ndipo apa madala ndi mayi anali mbali imodzi. Kwathu kuno pakhomo posasesa ndi pa munthu wauve, ndipo mantha a chiswe ndi njoka si opanda pake. Tinagwirizana kuti mita imodzi kuzungulira nyumba ndi tinjira tonse madala azisesa monga kale, koma m'mabedi tsache lisalowe, masamba onse osesedwa azithiridwa m'bedi kapena pa mulu wa kompositi, moto uleke. Zophimbira zisakhudze tsinde la mbewu, pazitsala mpata wa zala zinayi, ndipo zisagunde khoma la nyumba. Sindinawanamize kuti chiswe sichibwera, ndinati chibwera ndithu ndipo chizidya zophimbirazo, tizingowonjezera kawiri pa chaka.

Novembala yense tinali pa piki anthu atatu. Tinatulutsa mawilibala opitirira 40 a zinyalala za omanga nkuunjika pafupi ndi geti. Mabedi tinakumba mpaka masentimita 50, nkusakaniza ndi manyowa a ng'ombe owola bwino ndi makoko a mtedza. Kangalande ka simenti tinakaswa malo awiri kuti madzi azilowa m'maswale awiri osaya, ngalande zogwira madzi a mvula kuti alowe pansi, omwe tinakumba mopingasa kutsetsereka, mamita atatu kuchokera pa maziko a nyumba komanso kutali ndi dzenje la chimbudzi, kumunsi kwake mzere wa vetiva wogwira dothi, ndipo tinasiya potulukira madzi akachuluka. Mayi pokhala namwino anafunsa msanga za udzudzu. Yankho ndi loti madzi akalowa pansi pasanathe masiku awiri udzudzu sungaswane, mphutsi zake zimafuna sabata kapena kuposa, ndiye swale yomwe ikusunga madzi masiku anayi ndi yolakwika, ikonzedwe.

Mbewu zake zinachokera kosiyanasiyana. Ma aloe, chabaudii ndi cameronii, anali ana ochokera ku nazale kwanga. Ma Crinum aja timawaona m'madambo ali ndi maluwa oyera a mizere yofiirira, ma Scadoxus, ma Gladiolus a olenji ndi Gloriosa ndinazipulumutsa pa poloti ina ku njira ya ku Mchinji komwe ankalambula kuti amange, mwini wake anandilola. Pano ndiimepo pang'ono anzanga. Masiku ano pali anyamata akumabwera ndi matumba a ma aloe akuluakulu mizu yoduka, ukawafunsa amati akumba kuphiri. Musagule. Aloe wamkulu chonchija watenga zaka zambiri pamwala paja, ndipo tikayamba kuwapatsa msika mapiri athu ayera ngati mmene maluwa a chikanda, aja anthu amakumba timizu take kuti adye, akutheramu m'madera okwera chifukwa chokumba mopanda chisoni. Aloe chabaudii amabereka ana ambiri, mmodzi pa zaka ziwiri akupatsani okwana bedi. Tinadzalanso ombwe awiri kuseli, mpungabwi pafupi ndi khonde, ndi katsitsimzukwa m'mbali mwa mpanda. Zakunja zomwe tinasiya ndi marozi aja, agapanthus, bougainvillea mmodzi pageti, lavender, ndi ma hydrangea awiri opulumuka omwe tinawaika m'mapoti akuluakulu ndi dothi lawolawo lopanda simenti.

Tsopano kulakwa kwanga koyamba. Ma aloe anali 24. Ndinawadzala ngati mmene ndimadzalira china chilichonse, dzenje, manyowa, kabeseni kosunga madzi, ndipo poti kona ya kumunsi ija inkaoneka yopanda kanthu munthu akamalowa pageti, 13 ndinawaika kumeneko, pomwe paja madzi anagona usiku wonse m'dzenje. Ndinkafuna kuti mayi akalowa aziona kuti ntchito yagwirika. Mu Januwale 2023 kunagwa mvula masiku angapo motsatizana, madala nkunditumizira chithunzi pa WhatsApp ya mayi, ma aloe atapendekeka. Nditafika ndinagwira tsamba lapakati la woyamba, linangosololoka lokha ngati nthochi yakupsa, kunsi kwake kwabulauni, kofewa, fungo lake ngati kabichi wowola. Wachiwiri chimodzimodzi. Onse pamodzi 11 anali atayamba kuwola, 10 a pakona ija ndi mmodzi wa kumpanda. Mayi anaima pakhonde nkuti, "Si munati izi ndi zosafa?" Ndinavomera kuti ndalakwitsa ndine, mbewu ya pamwala ndaiika m'dambo nkuipatsanso manyowa.

Tinawazula onse a pakonapo. Omwe mutu unali udakali wolimba tinadula tsinde ndi mpeni woyera kukwera mpaka pomwe mnofu ukuoneka woyera wopanda kadontho kabulauni, nkuwaza phulusa pabalapo, nkuwagoneka pamthunzi pouma masabata awiri osawathirira. Pa 11 aja 7 anapulumuka. Mulu wa zinyalala uja womwe tinkadikira lole kuti idzatenge ndi umene unatithandiza, tinasankhamo njerwa zoswekasweka nkumanga kachitunda kotalika masentimita 40 m'mbali mwa mpanda wotentha uja, pamwamba mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono ndi miyala ya kwale, manyowa ayi. Aloe timangomukhazika pamwamba nkumutchinjiriza ndi miyala, khosi lake lisakwiririke. Ntchito imeneyi ndi mbewu zolowa m'malo sindinalipiritse. Pakona ya kumunsi ija tinasamutsirapo ma Crinum, omwe kwawo nkudambo komwe, ndipo ndi pomwe anayenera kukhala kuyambira pachiyambi.

Kulakwa kwachiwiri ndi komwe kumandisowetsa tulo mpaka pano. Gloriosa anachita bwino kwambiri chaka choyambacho, anakwera pa waya wa pakhonde, maluwa ofiira ndi achikasu opindikira m'mwamba ngati malawi a moto, alendo ankajambula. Anzathu a ku Zimbabwe ndi duwa la dziko lawo limeneli. Pofika Meyi anauma monga amachitira, pamwamba osatsala kanthu. Mu Julayi madala poona bedi lili mbee anaganiza kuti zafa ngati zija zakale, nkuti adzalepo mpiru. Pokumba anapeza timizu tonenepa toyera, tina topindika ngati chilembo cha V, tofanana ndi timbatata tating'ono, anatiunjika pakona pa khonde kuti adzandifunse. Mdzukulu wa mayi wa zaka 4 anali atabwera ku holide. Mayi potuluka m'nyumba anapeza mwana wakhala pansi akuchita masanje, wathyolathyola timizu tija m'chivindikiro cha botolo, wathira madzi, akutakasa ndi kamtengo akuti akuphika ndiwo.

Anandiimbira mawu akunjenjemera kufunsa dzina lenileni la mbewuyo. Ndinawauza kuti ndi Gloriosa superba, ili ndi poizoni wotchedwa colchicine mbewu yonse koma kwambiri ku mizu, ndipo apite kuchipatala pompano atenge ndi mizuyo. Iwo poizoniyo ankamudziwa kuchokera ku ntchito, ankadziwanso kuti zizindikiro zake, kusanza ndi kutsegula m'mimba, zimachedwa maola angapo ndipo palibe mankhwala ofafaniza mphamvu yake, ndiye sanadikire. Mwana anati sanadye, m'kamwa munalibe kanthu, anamusambitsa m'manja, anagona kuchipatala usiku umodzi akumuyang'anira, sanadwale. Tithokoze Mulungu.

Koma mlandu unali wanga. Tsiku lodzala ndinawauza mayi mongodutsa kuti iyi ndi yapoizoni, madala sindinawauze, sindinawauzenso kuti imagona m'chilimwe, sindinazike chikhomo, ndipo sindinafunse ngati pakhomopo pamabwera ana. Ndinaona mayi wachikulire wokhala yekha basi. Pano funso limeneli ndi loyamba pa nyumba iliyonse, ana alipo, zidzukulu zimabwera, nanga agalu, mbuzi, nkhuku. Ndipo chilichonse chomwe ndauza bwana ndimakauzanso munthu wogwira khasu, m'Chichewa, titaima pa mbewu yomweyo, chifukwa amene amakhala ndi bwalo tsiku lonse ndi iyeyo.

Mayi ankafuna kuti zonse zakutchire zichoke tsiku lomwelo, ndipo ndikanakhala ine ndikanateronso. Tinakhala pansi patapita sabata. Gloriosa yense ndinamuchotsa, tinasefa dothi la bedi lonse ndi sefa ya mchenga kuti pasatsale kachidutswa, ali ku nazale kwanga mpaka ana adzakule. Scadoxus ndi Crinum nazonso ndi zapoizoni ndipo kunsi kwake zimafanana ndi anyezi, ndinawauza mosabisa, iwo anasankha kuti zikhale koma tizitchingire ndi waya wa nkhuku. Ndinawaonetsanso kuti vuto si kukhala zakutchire, oleander yemwe ali m'makomo ambiri muno m'tauni ndi wakunja koma ndi woopsa zedi, nkhadze utomoni wake ukalowa m'maso ndi nkhani ina. Ngakhale ma aloe, anthu onse amangoti alovera nkumamwa, pomwe alovera weniweni si wakuno ndipo si aloe aliyense womwa. Tinajambula mapu a bwalo pa katoni, ine ndi madala, nkukhoma m'sitolo ya zipangizo, ndipo paliponse pogona mbewu tinazika chikhomo chopaka penti yofiira.

Mayeso enieni anali Okutobala 2023. Kathiriridwe tinasintha, marozi ndowa imodzi ya malita 20 aliyense kawiri pa sabata, madzulo, pang'onopang'ono m'beseni pansi pa zophimbira. Agapanthus kamodzi pa sabata ndi madzi otsukuluzira ndiwo ndi mpunga, a sopo wochapira ayi. Ma aloe kuyambira Meyi tinati asalawe dontho. Madala poyamba zinkawavuta, ankati kudutsa mbewu ndi kheni osaithirira ndi nkhanza, ndinawapeza kawiri akuba madzi kuthirira ma aloe. Marozi onse 6 anadutsa Okutobala ali ndi masamba. Kenako kutagwa chizimalupsa, patapita masiku ochepa ma Scadoxus anatumphuka pakati pa zophimbira zouma, opanda tsamba, mipira yofiira yokhayokha pa timapesi, ndinawerenga 17. Madala anandikokera pomwepo nkuti, "Achimwene, izi kwathu ku Dedza zimamera zokha m'mphepete mwa nkhalango, ine sindinkadziwa kuti munthu nkudzala." Kuyambira tsiku limenelo zikhomo zofiira zija amazisamala kuposa ine.

Sikuti zonse zinayenda. Hydrangea mmodzi anafa mwezi womwewo ngakhale anali mu poti, winayo alipo koma ndi wokakamiza, Lilongwe si Zomba, kuno ndi kouma kuposa kumeneko. Lavender anafa yense m'dzinja, chinyezi sichimuyanja. Ndinayesa Kniphofia, uja wa maluwa ngati muuni wa moto yemwe amamera kumapiri, naye anakana, zomwe zikuonetsa kuti kungoti mbewu ndi ya ku Malawi sikokwanira, ya ku Nyika si ya ku Area 25, uyenera kufunsa kuti kwawo kwenikweni ndi pamwala, kudambo, pamthunzi kapena pamwamba pa phiri. Chiswe chinadya chikhomo cha rozi mmodzi nkulowa ndi mu rozi momwe pomwe zophimbira zinatha mu Seputembala ife nkuchedwa kuwonjezera, anatsala 5.

Mu Januwale 2024 kunabwera mbozi zakuda za madontho achikasu pa Crinum ndi agapanthus, zija zimaboola tsamba nkumadya mkati kutsika mpaka ku anyezi wake. Ukaona tsamba lili ndi mzere wofewa ngati lathiridwa madzi otentha, ling'ambe, uzipeza zili m'kati mulu. Zikalowa m'kati kupopera sikuthandiza kwenikweni, ndiye tinadula masamba onse ogwidwa nkuwakwirira mozama, madala nkumayendera m'mawa uliwonse kutola ndi kuphwanya mazira kunsi kwa masamba. Tinapoperanso ombwe, masamba osinja oviika usiku wonse, kusefa, kasopo pang'ono, kupopera madzulo njuchi zitapita. Ombwe amapha nsomba ndiye zotsala musatayire kumtsinje, komanso dziwani kuti pali ombwe wina wopanda mphamvu ngakhale amaoneka chimodzimodzi, mukaona sizikusintha vuto likhoza kukhala limenelo. Tinataya ma Crinum awiri.

Nthawi yomweyo ndalama ya kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza ndi mankhwala a m'sitolo zinakwera mosaneneka, makasitomala anga angapo anasiya mabwalo awo kuti afe. Apa sitinagule kalikonse, kompositi ya masamba omwe kale ankawotchedwa aja ndi imene inadyetsa marozi. Kenako ng'amba ya El Niño mu Febuluwale 2024, ija inapsereza chimanga mpaka boma kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Masabata amenewo ndinapita kukaona, kapinga wa pakati anali atapsa, koma nditapisa dzanja pansi pa zophimbira m'munsi mwa swale dothi linali lozizira, lonyowa mpaka m'chigongono mutakumba. Pomwe pa Okutobala 2022 chinyezi chinkathera pa masentimita atatu.

Juni 2024 ma aloe a pachitunda anatulutsa maluwa onse pamodzi, cameronii atafiira masamba omwe, ndipo timbalame tija ta milomo yaitali yopindika tinkachita kulimbirana kuyambira m'mawa, njuchi nazo. Mayi anasuntha mpando wawo wa pakhonde kuti uziyang'ana kumpanda kuja komwe kale sankafuna nkuyang'anako komwe. Anandionetsa mabilu a madzi a Seputembala ndi Okutobala a 2022 ndi 2023 atawaika pamodzi, madzi ogwiritsa ntchito anatsika pafupifupi ndi theka. Njoka inaonekapo kamodzi pa mulu wa kompositi, ndiye muluwo tinausamutsira kutali ndi khomo la kukhitchini ndipo madala amavala majombo akamautembenuza.

Ulendo wanga womaliza unali Novembala 2024. Chomwe sitinachipezere yankho ndi zophimbira, mapesi ndi makoko a mtedza m'tauni ndi zogula ndipo chiswe chimamaliza msanga, ndiye tayamba kumweta vetiva kawiri pa chaka kuti azithandiza, koma sakukwanira, mwina tiwonjezere mzere wina kuseli. Kapinga wa pakati mayi akuti achepe, akufuna bedi lina la ma aloe, koma ndawauza kuti tidikire mvula ithe tidzapange mu Epulo pouma. Kuseli kwa sitolo ndinapeza machubu 30 ndi kanthu atandandalikidwa bwinobwino, muli ana a chabaudii, madala akuti anthu odutsa pageti akhala akufunsa ndipo mayi anawalola kuti azigulitsa ndalama ikhale yawo. Ndinagwada nkukanda dothi la mu chubu imodzi kuti ndione chomwe aikamo, munali mchenga ndi tizidutswa ta njerwa, manyowa munalibe.